TSIKU LA MSIKA PA EUTHINI: PHUNZIRO LA BANJA LONSE

M'miyezi ya June, July ndi August, pamene chimanga chalowa m'nkhokwe ndipo fodya, mtedza, nyemba ndi soya zapsa kugulitsa, miseu yonse yoloza ku Euthini imadzaza ndi anthu. Ena ayenda pansi atasenza madengu, ena apalasa njinga, ena atsogoza ngolo za ng'ombe, ndipo masiku ano ambiri akwera njinga zamoto za kabaza. Euthini ndi malo a malonda m'dziko la Inkosi Chindi, kumpoto chakumadzulo kwa boma la Mzimba. Pamalopo pali masitolo, msika, chipatala ndi sukulu ya sekondale, motero anthu a m'midzi yambiri amakomana pomwepo.

Tsiku la msika ndi tsiku lokondweretsa, koma lirinso tsiku loopsa. Ndalama zimene banja lakhetsera thukuta kuyambira pa kusosa m'mwezi wa October kufikira pa kukolola m'mwezi wa May zingathe kutha tsiku limodzi lokha dzuwa lisanalowe. Phunziro la mwezi uno lifuna kuonetsa kuti banja limene lapangana kunyumba, lapita kumsika pamodzi ndi kudyera pamodzi ndilo limabwerera ndi katundu weniweni, ndiponso ndi ana amene aphunzira kanthu.

KALE NDI LERO

Makolo a Angoni ndi Atumbuka a dziko la Mzimba sanali kuwerenga chuma chao m'ndalama iai. Chuma chinali ng'ombe m'khola, mbuzi, makasu ndi nkhokwe zodzaza. Munthu wofuna mchere kapena mbiya anali kusinthitsa ndi chimanga kapena nkhuku. Koma m'chaka cha 1904 dziko la Angoni a M'mbelwa linalowa mu ulamuliro wa boma la Angerezi, ndipo msonkho unafuna ndalama. Amuna ambiri anayamba kupita kukagwira nchito ku Harare, ku migodi ya mkuwa ndi ku Joni, ndipo pobwera anali kugula nsaru, mabulangete ndi njinga m'masitolo a Mandala, a Kandodo ndi a Amwenye amene anali m'maboma ambiri a dziko lino.

Nthawi imeneyo ndalama zinali mapaundi, mashereni ndi makobiri. Kwacha ndi tambala zinayamba m'chaka cha 1971, pamene paundi imodzi inasanduka K2 ndipo shereni imodzi inasanduka matambala 10. Chaka chomwecho bungwe la ADMARC linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board pa nchito yogula mbeu za alimi.

Lero zinthu zasinthanso. Anyamata ndi abambo ambiri a ku Mzimba ali ku South Africa, ndipo ndalama zao zimafika kumudzi kudzera pa Mukuru kapena pa foni ya m'manja, monga Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ng'ombe inali yobvuta kumwaza, pakuti mudzi wonse unali kuona ikamatuluka m'khola. Koma ndalama ya m'foni imatuluka mwakachetechete, osaonedwa ndi mkazi kapena mwana. Ndiponso mitengo siikhala malo amodzi: m'mwezi wa November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, ndipo katundu wa m'masitolo anakwera mtengo m'dziko lonse. Chifukwa chache kusamala pogula kuli kofunika lero kuposa m'masiku a makolo.

ULENDO UYAMBIRA KUNYUMBA

Nchito yoyamba siichitika pamsika ai, koma pakhonde, madzulo a tsiku lotsogolera ulendo. Bambo ndi mai ayenera kukhala pansi pamodzi ndi ana okulirapo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Bambo adziwa za feteleza, goli la ng'ombe ndi malata, koma mai ndiye adziwa kuti mchere watha, poto waboola ndipo mwana wamng'ono alibe chofunda.

Choyamba awerenge chimanga. Ayang'ane kuti banja limatha thumba limodzi la makilogalamu 50 pa masiku angati, ndipo apatule matumba okwanira kufikira mwezi wa April wa chaka chamawa, osaiwala alendo, maliro ndi aganyu a nthawi yopalira. Chimanga chimenechi achisunge bwino, chothira mankhwala oteteza ku anankafumbwe kapena m'matumba osalowa mpweya. Chotsala chokha ndicho chingapite kumsika. Alimi onse adziwa kuti mtengo wa chimanga umakhala wotsika pa nthawi yokolola ndipo umakwera koposa m'miyezi ya January ndi February. Munthu wogulitsa chakudya cha ana ache mu June kuti agule wailesi amadzagulanso chimanga chomwecho pa mtengo wowawa, mwina atagulitsa wailesiyo ndi mbuzi yomwe.

Chachiwiri alembe zogula pa pepala, ndipo mwana wa sukulu ndiye agwire pensulo. Zogulazo azigawe patatu:

1. Zosati nkulephera: mbeu ndi feteleza wa chaka chamawa, ndalama za sukulu, makope ndi yunifolomu, mchere, sopo, ndi ndalama yosungira matenda.

2. Zofunika koma zotha kudikira: mabulangete, zobvala, mapoto, nyali ya dzuwa, malata.

3. Zokondweretsa: nsaru yatsopano ya mai, chipewa cha bambo, mpira wa ana, ndi chakudya cha banja lonse pamsikapo.

Gawo lachitatu lisafafanizidwe. Anthu amene alima chaka chonse ayenera kukondwa ndi zipatso za manja ao. Chofunika nchakuti ndalama yache idziwike ulendo usanayambe, ndi kuti chikondwererocho chikhale cha onse, chosati cha munthu mmodzi.

M'dziko la Mzimba mkazi amakhala kwao kwa mwamuna, ndipo m'midzi yambiri mwini nyumba ali ku Joni. Pamenepo nkwabwino kuti mai, apongozi ndi mwamuna wa kutaliyo amvane pa foni ndalama zisanatapidwe, kuti aliyense adziwe kuti zingati nza feteleza, zingati nza ana ndi zingati nza agogo. Milandu yambiri ya m'mabanja imabadwa pamene ndalama zafika koma mau osafika.

POGULITSA MBEU

Banja likafika pa Euthini liyambe ndi kugulitsa, ndipo bambo ndi mai onse awiri aime pa sikelo. Chaka chiri chonse Unduna wa za Malimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbeu zosiyanasiyana, ndipo mlimi angathe kuimva pa wailesi kapena kufunsa kwa mlangizi wa dera lache asananyamuke. Munthu wodziwa mtengo sanamizidwa msanga.

Sikelo ya malonda iyenera kukhala yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Mlimi aone kuti muvi wa sikelo uli pa 0 thumba lisanapachikidwe, ndipo awerenge yekha nambala, kapena mwana wache amuwerengere. Achenjere ndi ogula amene ayesa ndi ndowa, chifukwa ndowa zina nzofutukuka m'mimba ndipo zimadya mbeu zambiri kuposa zinzache. Ndalama aziwerenge pomwepo pamaso pa wogula, kenaka azigawe pawiri, zina asunge bambo, zina amange mai pa nsaru. Pa tsiku la msika akuba a m'matumba sasowa.

POGULA KATUNDU

Wogula wanzeru satulutsa ndalama pa benchi loyamba. Ayambe wazungulira msika wonse ndi masitolo, kufunsa mitengo ndi kuyerekeza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Zina zimene ayenera kuyang'ana ndi izi.

Mchere ukhale wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini. Kusowa kwa ayodini m'thupi kumatupitsa khosi ndi nthenda ya chithokomiro, ndiponso kumabwezera m'mbuyo nzeru za mwana, makamaka ngati mai anausowa ali ndi pakati. Shuga ndi mafuta ophikira a m'mapaketi ndi m'mabotolo osindikizidwa amathiridwa vitamini A, amene athandiza maso ndi kulimbitsa thupi polimbana ndi matenda.

Pa katundu aliyense wa m'paketi, m'botolo kapena m'chitini pamalembedwa tsiku limene mphamvu yache ithera. Katundu wopitirira tsiku lache asagulidwe ngakhale atsitsidwe mtengo. Chitini chotupa kapena chadzimbiri nchoopsa.

Mbeu ya chimanga, feteleza ndi mankhwala a mbeu zigulidwe kwa ogulitsa odziwika amene ali ndi chilolezo, thumba liri losokedwa bwino ndi chizindikiro chache. Alipo anthu osaona mtima amene amapaka utoto chimanga wamba ndi kuchigulitsa ngati mbeu yamakono, ndipo ena amasakaniza feteleza ndi mchenga. Mlimi amazindikira chinyengocho m'mwezi wa January, pamene nthawi yobzala yapita kale. Chifukwa chache atenge lisiti ndi kulisunga pamodzi ndi pepala la pa thumba.

Pa kaunjika mai atambasule chobvala chiri chonse padzuwa, aone m'khwapa, m'khosi ndi zipi. Za ana zikhale zokulirapo pang'ono, chifukwa mwana sadikira malaya. Ku Mzimba kumazizira kwambiri mu June ndi July, motero juzi ndi bulangete la mwana zitsogole, nsapato zonyezimira zitsatire. Zobvala zonse za pa kaunjika zichapidwe ndi sopo ndi kusitidwa zisanabvalidwe.

Usipa ndi nsomba zina zouma zochokera kunyanja zikhale zouma gwa, zopanda nkhungu kapena pfungo. Nyama igulidwe pamalo pamene chiweto chayesedwa ndi mlangizi wa ziweto. Nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga iri ndi mbeu za njoka za m'mimba, ndipo isadyedwe konse.

MSIKA NDI SUKULU

Makolo ena amasiya ana kumudzi poganiza kuti angobvuta ndi kulirira masiwiti. Koma mwana amene sanagwirepo ndalama ali wamng'ono sadzadziwa kuisamala atakula, pakuti m'mera mpoyamba. Pa tchuthi kapena Loweruka, mwana wa Sitandade 4 kapena kupitirira apo atengedwe, apatsidwe pepala la zogula ndipo adzichonga chimodzichimodzi. Apatsidwenso ndalama yochepa kuti agule yekha kope kapena sopo ndi kubweza chenji chokwanira. Tsiku limene mwana adzanena kuti, "Adada, chenji chaperewera K200," bamboyo adzaona ndi maso ache phindu la sukulu.

Ndalama zomwezo ziri ndi phunziro la mbiri ya kwao. Pa ndalama ya pepala ya K20 imene inatuluka m'chaka cha 2012 pali nkhope ya Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, mmodzi wa mafumu amene anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha m'chaka cha 1953. Pa K200 pali Mai Rose Chibambo, amene anabadwira ku Kafukule m'boma lomweli la Mzimba m'chaka cha 1928. Iwo anasonkhanitsa amai pa nkhondo yomenyera ufulu wa dziko lino, anamangidwa m'chaka cha 1959, ndipo anamwalira m'chaka cha 2016. Mwana wamkazi wa ku Euthini ayenera kudziwa kuti mai wa pa ndalamayo anali mtsikana wa kufupi ndi kwao.

KUDYERA PAMODZI

Dzuwa likafika paliwombo banja limamva njala, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amapatukana. Bambo alowera kumene kuli kanyenya ndi mowa, mai ndi ana akhala pansi pa mtengo kutafuna nzimbe kapena chitumbuwa chimodzi. Madzulo bambo wakhuta nyama, ana agona ndi njala, ndipo ndalama imene ikadadyetsa anthu asanu yadyedwa ndi pakamwa pamodzi.

Mwambo wa makolo unali wakuti amuna adye paokha, akazi ndi ana paokha, ndipo mbale ya amuna ndiyo inali kulandira nthuli zazikuru. Mwambo wopatsa ulemu akulu ngwabwino ndipo suyenera kutayidwa. Koma thupi limene lifuna nyama, mazira, nsomba ndi mkaka koposa ndi la mwana amene alikukula, ndi la mai wapakati kapena woyamwitsa. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Mwana wopinimbira amadwala kawirikawiri ndipo amabvutika m'kalasi. Nchomvetsa chisoni kuti izi zichitike m'dziko la ng'ombe, nyemba ndi mtedza monga la Mzimba.

Alangizi a za umoyo amaphunzitsa kuti zakudya ziri m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo munthu ayenera kudyako gulu liri lonse tsiku ndi tsiku:

1. Zokhutitsa: nsima, mpunga, mbatata, chinangwa.
2. Za nyama: nyama, nsomba, mazira, chambiko, ngumbi.
3. Za nyemba: nyemba, mtedza, soya, nandolo, nzama.
4. Za masamba: nkhwani, mpiru, bonongwe, chisoso.
5. Zipatso: nthochi, mapapaya, malalanje, masuku, mango.
6. Za mafuta: mafuta ophikira, mapeyala.

Pa tsiku la msika magulu onsewa amapezeka pamalo amodzi. Banja likalowa m'nyumba yodyera ndi kuitanitsa nsima, imene kumeneko amati sima, ndi dende la nyama kapena nyemba, ndi mphangwe yotendera, kenaka ndi kugula phava la nthochi panja, ladya magulu ambiri a zakudya pa nthawi imodzi. Mwana wamng'ono apatsidwe kambale kache, chifukwa m'mbale ya onse manja akuluakulu amafulumira. Ngati ndalama nzochepa, mai angathe kuphika mbatata ndi mtedza kunyumba, kutunga chindongwa m'chigubu choyera, ndipo pamsikapo banja lingogula ndiwo pang'ono ndi zipatso ndi kukhala pamthunzi pamodzi. Kukoma kwa chakudyacho sikuli m'mtengo wache koma m'kugawana.

Palinso phindu lina. Pamene banja lakhala pansi kudya, pepala la zogula litulutsidwe ndipo ndalama zotsala ziwerengedwe. Ngati china chakwera mtengo, apangane pomwepo chimene achisiye. Ana akamva makolo ao alikukambirana mwaulemu za ndalama, atenga phunziro limene mphunzitsi sangathe kulilemba pa bolodi.

UKHONDO PA CHAKUDYA CHA PAMSIKA

Pamene pasonkhana anthu ambiri matenda a m'mimba safuna kuitanidwa. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March 2022 ndi kupitirira m'chaka cha 2023 unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Kolera imayenda m'madzi ndi m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala, kudzera m'manja osasamba ndi nchenche.

Chifukwa chache banja lisankhe malo odyera osesedwa bwino, amene chakudya chache nchobvundikira ndipo chiperekedwa chiri chamoto. Aliyense asambe m'manja ndi sopo, madzi ochita kuthirirana, osati onse kubviika manja m'beseni limodzi. Madzi akumwa atengedwe kunyumba, owiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Zipatso zitsukidwe kapena kusendedwa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba kwambiri amwetsedwe Thanzi ORS ndi kupita naye kuchipatala msanga, osadikira kuti kuche.

KUBWERERA KUMUDZI

Banja linyamuke dzuwa likadali m'mwamba. Ndalama zambiri za alimi sizitayika m'mawa pogula katundu, koma madzulo pamalo a mowa ndi pa juga, pamene mabwenzi osadziwika amachuruka ngati nchenche pa uchi. Njinga yamoto yonyamula anthu atatu ndi katundu mumdima, pa mseu wa pfumbi ndi maenje, yagonetsa anthu ambiri m'chipatala. Ndalama zotsala zisagone m'thumba la malaya. Zisungidwe ku banki, m'foni imene nambala yache yachinsinsi iri yotetezedwa, kapena ku gulu la banki m'khonde la m'mudzi, kuti zidzathandize pa nthawi yobzala ndi pa miyezi ya njala.

Pofika kunyumba katundu ayalidwe pamphasa, ayerekezedwe ndi pepala lija, ndipo agogo amene anatsala kusunga mudzi alandire kanthu kao, kaya ndi shuga, kaya ndi kansomba. Potero ulendowo ukhala wa mudzi wonse.

KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi angathe kugwiritsa nchito phunziro ili m'makalasi a Sitandade 5 kufikira 8, ndiponso m'sukulu za kwacha za akulu. Ziwerengero ziri m'munsimu nzongoyerekeza pofuna kuphunzitsa masamu, ndipo mphunzitsi angathe kuikapo mitengo imene ana apeza pamsika wa kwao.

1. Banja limatha thumba limodzi la chimanga pa masiku 20. Lifuna matumba angati kuti lidye masiku 300? Ngati lakolola matumba 22 ndipo lapatula matumba 3 a alendo ndi aganyu, lingagulitse angati?

2. Banja lapeza K200,000 pogulitsa mtedza. Lapangana kuti magawo 6 mwa magawo 10 apite ku zosati nkulephera, magawo 3 ku zotha kudikira, ndi gawo limodzi ku zokondweretsa. Gulu liri lonse lilandira ndalama zingati?

3. Sikelo yonyenga imadya makilogalamu 2 pa thumba liri lonse. Mlimi wogulitsa matumba 25 ataya makilogalamu angati? Ndi matumba angati a makilogalamu 50?

4. Ana atchule magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo pa gulu liri lonse apereke zakudya ziwiri zopezeka m'mudzi mwao, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka.

5. Ana afunse agogo ao mmene anali kugulira mchere ndi nsaru kwacha isanabwere m'chaka cha 1971, ndipo alembe zimene amva.

Mafumu, alangizi ndi atsogoleri a mipingo apemphedwa kuwerengera nkhani iyi anthu amene sadziwa kuwerenga, makamaka pa nyengo imene mbeu zirikugulitsidwa ndipo ndalama zikadali m'manja mwa eni ache.